Ndinabaya Mwana Wanga Jakisoni Wokulitsa

Zikomo alangizi a zaumoyo pondiitana, zikomonso inu makolo amene mwasiya makasu ndi malonda anu kudzakhala pa mabenchi awa. Amene muli kumbuyo mundikhululukire, mawu anga ndi ochepa ngati mwini wake. Ndikwere pa sitepe apa kuti mundione. Sekani ndithu, palibe mlandu. Masiku ano inenso ndimaseka.

Dzina langa ndine Fabiano. Ndine telala, ndimasoka pa khonde la sitolo ina ku Liwonde. Anzanga akamapereka umboni amanena za mowa, za juga, za akazi. Ine mowa sindiudziwa kukoma kwake. Chimene chinandigwetsa ndi tepi yoyezera, yomweyi ili m'khosiyi. Ndinatsala pang'ono kuchititsa khungu mwana wanga, mwinanso kumutaya kumene, chifukwa chofuna kuti atalike. Ndabwera kudzanena zimenezo chifukwa ndikudziwa kuti pano pali wina amene akaona mwana wake ataima pakati pa anzake, chinthu chimamuluma mumtima.

Mayi anga anamwalira ndili ndi zaka ziwiri. Bambo sindinawaonepo. Ndinaleredwa ndi anganga, mayi a mayi anga, ku Ngokwe. Anali mlimi wa thonje, wa fodya wa m'mphuno, ndipo pakamwa pawo panali pakuthwa kuposa chikwakwa chawo. Achikulire mukukumbuka mmene ankalembera ana sukulu masiku aja. Mphunzitsi sankafunsa zaka. Ankangoti, "Dutsitsa dzanja pamwamba pa mutu, ugwire khutu la mbali inayo." Ukaligwira, lowa. Ukalephera, bwerera ukakule.

Ine ndinabwezedwa kawiri. Anganga anati izi sizoona. Anayamba kundipachika pa nthambi ya mango m'mawa uliwonse tisanapite kumunda. "Lendewera, iwe! Mphonda imatalika polendewera." Ndinkalendewera mpaka manja kuchita dzanzi, amayi opita kumjigo akugwa nazo n'kuseka. Chaka chachitatu tili pamzere, dzanja langa linalepheranso, ndipo anganga anandigwira khutu n'kulikokera m'mwamba kuti likumane ndi zala panjira. Mphunzitsi anawaona.

"Agogo, kumeneko n'kubera."

"Kubera chiyani? Mukulemba ana kapena milongoti? Nayi kalata yake ya ubatizo, werengani, poti kuwerenga ndi ntchito yanu."

Anandilemba. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndikukhala pansi ndi tiana ta zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo tina tinkandiposa msinkhu. Dzina linapezeka tsiku lomwelo: Mwandionerapati. Mwana wamasiye saphunzira kuyankha. Amaphunzira kukhala chete n'kumayang'ana. Ine ndinaphunzira bwino kwambiri.

Nditakula ndinaphunzira kusoka, ndinakwatira Agnesi wa kuno ku Ulongwe. Ndinakhala chikamwini zaka ziwiri, kenako ndinapempha achimwene ake, a Mateyu, amene ndi mwini mbumba, kuti ndimutenge tikakhale ku Liwonde kumene kuli ntchito. Analola. Anganga miyendo itayamba kuwavuta ndinawatenganso. Agnesi amagulitsa tomato mumsika. Tinabereka mwana mmodzi, Lute.

Telala aliyense akamasoka yunifolomu ya mwana amasiya mpendero waukulu, nsalu yopindira m'kati, kuti mwana akatalika ungodula ulusi n'kutsitsa. Ya Lute ndinasoka ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndinasiya zala zinayi. Sukulu ikamatsegulira, amayi amadzaza pa khonde panga. "A telala, titsitsireni, mwanayu akukula ngati chimanga cha fetereza." Ndinkatsitsa za ana a eni ake. Ya Lute ndinaika zigamba m'khwapa, ndinasintha zipi, koma mpendero sindinaukhudze. Chaka chinatha. China chinathanso.

Ndinayamba kumuyeza. Lamulungu lililonse tikachoka ku Misa ndinkamuimika pa chitseko, tepi m'manja, choko kukhutu. Mizere inkangogundana malo amodzi. Amake anandiuza, "Bambo a Lute, inu wamfupi, ine wamfupi. Mumafuna tibereke mgwalangwa? Musiyeni mwana adye." Ndinapitiriza kumuyeza.

Tsiku lina ana akuweruka ndinamva kuseri kwa sitolo, "Mwandionerapati! Mwandionerapati!" Ndinaganiza kuti makutu akundinamiza. Zaka makumi atatu zapita, mudzi wina, ana ena, koma mawu omwe aja. Ndinasuzumira. Lute ankayenda kutsogolo, maso pansi, osayankha. Mayendedwe amenewo ndinawadziwa, anali anga.

Panali mnyamata wina wamkulu thupi, ankamutcha Chipapa, wonyamula zitsulo kuseri kwa galaja. Ankabwera pafupipafupi kuti ndimukulitsire manja a malaya. Sabata yomweyo ndinamufunsa kuti akudya chiyani.

"Kudya? A telala, inu mukukhala m'dziko lakale. Uyu ndi jakisoni wa ku Joni, amabwera ndi madalaivala a mathiraki. Amakulitsa chilichonse. Ana a mabwana kunja amabayidwa ameneyu, n'chifukwa chake amatalika ngati mapolo a magetsi."

"Nanga mwana wamfupi?"

"Miyezi itatu mudzamufunsa kuti ndiwe mwana wa ndani. Koma osakafunsa kuchipatala. Amachita nsanje aja, amasungira ana awo."

Anandionetsa zithunzi pa foni. Ndinagulitsa makina anga achiwiri, Agnesi ndinamuuza kuti ali kokonzedwa. Chipapa anandipatsa timabotolo ta ufa woyera, madzi osungunulira ndi majakisoni. Anati timafunika pozizira. Filiji ndinalibe, ndiye ndinatiika mu kachitini n'kukakwirira mu mchenga wonyowa pansi pa mtsuko, m'kachipinda kosungira makina kuseri kwa sitolo. Umenewo unali mwezi wa Okutobala, kutentha kwa ku Liwonde mukukudziwa. Za mlingo Chipapa anati, "Ine ndimafika pa mzere uwu. Mwana, theka." Munthu wolemera ngati matumba awiri a chimanga, theka lake kumupatsa mwana wa zaka zisanu ndi zinayi. Ine amene sindidula nsalu ya munthu ndisanayeze kawiri, ndinangoti chabwino.

Musaganize kuti sindinkadziwa mwambo. Kwathu kuno bambo sungamuteme mwana ngakhale mphini imodzi amalume ake asakudziwa. Ndinkadziwa kuti Agnesi akamva akana, ndipo akauza a Mateyu. N'chifukwa chake ndinabisa. Lute akaweruka ankadzera pa khonde, ndinkalowa naye m'kachipinda muja n'kumubaya pa ntchafu, pamwamba, pamene yunifolomu imabisa. Ndinamuuza kuti, "Izi ndi za ine ndi iwe. Mankhwala awa ali ndi chizimba, ukauza munthu sagwira ntchito." Akapukuta misozi ndinkamugulira chigumu. Mwana anakhulupirira, poti ananena ndi bambo ake.

Sabata yachitatu nsapato zinayamba kumuthina. Ndinasangalala, ndinati mapazi ayamba. Kunali kutupa. Anadandaula maondo, Chipapa anati, "Ndi mafupa akutambasuka amenewo, pitirizani." Kenako mutu. Kenako kusanza m'mawa. Amake anapita naye kukayezetsa malungo kawiri, osapezeka. Pa ntchafu panatuluka chotupa chotentha, mwana anabisa chifukwa ankasamba yekha. Ndinene poyera, chifukwa umboni wobisa ndi bodza: tsiku limene anasanza koyamba, masana ake ndinamubayanso. Ndinapitiriza mpaka sabata yachisanu, pamene anakhala pa mkeka akundiyang'ana modabwa n'kunena kuti, "Ababa, ndikukuonani awiri."

Tinathamangira naye kuchipatala, anamugoneka mu wodi ya ana. Tsiku loyamba ndinakhala chete. Lachiwiri ndinakhala chete. Ndinkadziuza kuti poti ndasiya kumubaya, zitha zokha, palibe adzadziwe.

M'mawa wa tsiku lachitatu ndinafukula kachitini kaja. Munatsala kabotolo kamodzi. Ndinakaika m'thumba la buluku kuti ndikakataye mu Shire ndikachoka kuchipatala. Nditafika mu wodi ndinapeza Agnesi wakhala pa bedi, anganga ali pansi pa chitenje atatambasula miyendo, ndi a Mateyu amene anapalasa njinga kuchokera ku Ulongwe atamva uthenga. Posakhalitsa adokotala anafika, mayi wachitsikana wa magalasi. Anamuunika Lute m'maso ndi katochi nthawi yaitali, diso ili, kenako linalo. Atazimitsa anatiyang'ana tonse.

"Madzi a m'mutu mwa mwanayu achuluka, akupanikiza mitsempha ya maso. Zikapitirira, maso akhoza kufa osabwereranso. Ndiyenera kudziwa chimene chayambitsa, chifukwa chithandizo chake chimasiyana. Wamwa mankhwala aliwonse? Achikuda, a m'golosale, aliwonse. Sindikalipira munthu."

"Panado yekha, adokotala," anatero Agnesi.

"Bambo?"

Ndinapukusa mutu.

Adokotala anayamba kumupima thupi lonse. Atakweza chitenje anaima. Chotupa chija chinali chitapsa, ndipo mozungulira munali timadontho takuda, ntchafu zonse ziwiri, tondondozana bwinobwino ngati msoko. Ngakhale pobaya mwana, dzanja langa linali la telala. Agnesi anagwira pakamwa.

Adokotala anagwada kuti nkhope yawo ifanane ndi ya mwana. "Lute, mwanawe, wakubaya ndani apa?"

Lute anatembenuka kundiyang'ana. Anatseka diso limodzi ndi chikhatho kuti aone bambo mmodzi. Anandiyang'ana choncho, milomo itauma, mutu ukumuwawa moti sankatha kuudzutsa pa pilo. Kenako anayang'ana pansi.

"Ndi nyerere zinandiluma."

"Nyerere?"

"Eya. Kusukulu."

Mu wodi munali phokoso, ana akulira, mabeseni akugundana, koma ine ndinkangomva mawu amenewo. Abale anga, moyo wanga wonse kukhala chete kunkandipulumutsa. Akanditukwana, chete. Akandinamizira, chete, mpaka nkhani izizire. Ndipo apa zinali zotheka ndithu. Mwana anali atanditchinga kale. Ndikanangoyang'ana kudenga, adokotala akanapita pa bedi lina, kabotolo kakanamira mu Shire, ine n'kukhalabe a telala ofatsa aja, osapha ndi ntchentche yomwe. Koma ndinaona chimene ndinamuphunzitsa mwana wanga. Sindinamupatse msinkhu. Ndinamupatsa chete wanga. Anali wokonzeka kutaya maso kuti asunge mawu a bambo ake.

Anganga sankayang'ana mwana. Ankayang'ana dzanja langa.

"Fabiano, wagwira chiyani m'thumbamo? Uli mwana ukaba mtedza wa mbewu unkagwira thumba choncho."

Pakamwa panga panali patakonzeka kale kunena kuti ndi ulusi. Mawuwo anafika pa lilime. Ndinayang'ananso Lute, chikhatho chidakali pa diso. Ndinatulutsa kabotolo n'kukaika pa bedi, pafupi ndi phazi lake lotupa.

"Ndine. Ndakhala ndikumubaya awa masabata asanu. Lute, mwana wanga, za chizimba zija ndinakunamiza. Nena zonse."

Mwana analira kulira kumene sanalire masabata onse aja. Agnesi anatsetsereka pa bedi n'kukhala pansi pa simenti. A Mateyu anaimirira, ndipo ndi aatali.

"Alamu, tinakupatsani mbumba yathu kuti muziisoka ngati nsalu? Mwana wa eni ake? Inu amene timati ndinu munthu!"

"Milandu mukakambe panja," anatero adokotala. "Bambo, khalani apa. Kangati pa sabata? Mumafika pa mzere uti? Mumasunga pati?"

Ndinayankha zonse. Nditanena za mchenga wa pansi pa mtsuko, anavula magalasi n'kupukuta kumaso. Kenako anati, "Mwachedwa, koma mwanena. Tsopano ndikudziwa chimene ndikulimbana nacho."

Masana ake anandiitana ndekha, ndipo zimene anandiuza ndi zimene ndikufuna mutenge popita kwanu. Anati mankhwala okulitsa alipodi, si nthano. Thupi la munthu aliyense limapanga lokha timadzi tokulitsa, achipatala amati homoni, kuchokera m'kachiwalo kakang'ono ngati nsawawa kamene kali pansi pa ubongo. Pali ana ena, ochepa, amene kachiwalo kameneka sikagwira bwino ntchito. Pali enanso amene sakula chifukwa cha matenda a impso, kapena vuto lina lobadwa nalo. Amenewo jakisoni ameneyu amawathandiza kwambiri. Koma asanabayidwe, dokotala wodziwa za kakulidwe ka ana amayeza magazi, amajambula mafupa a dzanja, amaona mmene mwana wakhala akukulira, ndipo mlingo amautengera pa kulemera kwa mwanayo. Akayamba, mwana amabwerabwera kudzaonedwa, chifukwa ngakhale mankhwala enieni operekedwa bwino nthawi zina amatupitsa thupi, amakweza shuga, amavutitsa mfundo ya m'chiuno, kapena kuchulukitsa madzi a m'mutu ngati mmene zinamuchitikira Lute. Amasungidwa mu filiji, osati mu mchenga. Munthu wamkulu amene mafupa ake anakhwima sangatalike nawo ngakhale pang'ono. Ndipo lamulo limati mankhwala otere aperekedwe ndi kalata ya dokotala, kuchokera kumalo ovomerezedwa ndi boma. Wogulitsa kuseri kwa galaja akuphwanya lamulo.

"Ndiye m'kabotolo kanumu," anatero, "mwina muli homoni, mwina muli zina, mwina zonse zosakaniza. Ine sindikudziwa. Amene anakugulitsaniyo sakudziwa. Munabaya mwana chinthu chimene palibe akuchidziwa."

Anamupatsa Lute mankhwala otsitsa madzi aja, chotupa anachiboola, kenako anatitumiza kuchipatala chachikulu ku Blantyre. Kumeneko anapita ndi amake ndi amalume ake. Ine anandiuza kuti ndisayerekeze kukwera nawo. Nkhani inafika kupolisi, kumene ndinagona m'chitokosi masiku awiri ndi kufotokoza zonse. Kenako ndinatsogolera apolisi ndi akuluakulu oona za mankhwala kuseri kwa galaja kuja. Tinapeza zitsulo zokha. Chipapa anali atamva mphepo, ndipo mpaka lero sindidziwa kumene ali. Apolisi anandimasula atandichenjeza mwamphamvu. Pa khonde makasitomala anachepa. Amayi ankadutsa atagwira ana awo dzanja, n'kumanong'onezana kuti telala uja ndi ameneyu.

Patatha masabata angapo uthenga unafika woti mutu wasiya, maso abwerera. Ndinakhala pansi pa makina n'kulira, anganga akundiyang'ana. Ku Blantyre anamuyeza zonse. Kachiwalo kaja kanali bwinobwino. Chimene anapeza ndi likodzo, ndi magazi ochepa. Mwana ankasamba ndi anzake m'madambo a m'mbali mwa Shire, ankakodza magazi kwa nthawi yaitali, osauza munthu. Matenda amene mapiritsi ake amapereka ulere. Zotsalazo, anatero madokotala, n'zakumtundu: bambo wamfupi, mayi wamfupi. Nthawi yonse ija ndinkamuyeza Lamulungu lililonse, koma sindinamufunsepo ngakhale kamodzi kuti, "Mwana wanga, pali pamene pakukupweteka?"

Atatuluka sanabwere ku Liwonde. A Mateyu anatenga mlongo wawo ndi mwana kupita nawo kumudzi. Ankhoswe anakhala pansi, ndipo ine sindinadziteteze, panalibe chodzitetezera. Anagamula kuti ndiyambirenso ngati mkamwini watsopano. Loweruka lililonse ndinkakwera minibasi kubwera kuno ku Ulongwe, kulima munda wa apongozi mpaka dzuwa lifike pamutu, kudya panja, madzulo kubwerera. Kuona mwana, amalume ake akhale pomwepo. A Mateyu anawonjezera lawo, "Alamu, kuyambira lero chobaya chanu ndi nsalu basi. Mwana akatsokomola, munene. Akayetsemula, munene. Mwamva?" Ndinati ndamva.

Miyezi imeneyo ndinkakhala ndi anganga awiriwiri. Tsiku lina akununkhiza fodya wawo anati, "Ine ndinakupachika pa mango, iwe wabaya wako. Tonse ndife zitsiru, magazi amodzi. Koma ine uchitsiru wanga ndinkauchita poyera, mudzi wonse ukuseka. Ukanathyoka mkono, anthu akanadziwa chothyola." Kumeneko ndiye kunali kupepesa kwawo, ndi kundidzudzula komwe. Zina sananene.

Chimene ndinachita choyamba, ndinatenga chinsanza chonyowa n'kufufuta mizere yonse ya choko pa chitseko. Kenako ndinapita kwa alangizi athuwa kuti andiphunzitse kuwerenga buku la mwana la kuchipatala, tsamba lija la mzere wa kakulidwe limene abambo ambiri sitinalitsegulepo. Ndinaphunzira kuti funso si lakuti mwana akumuposa ndani m'kalasi, koma ngati mzere wake iye mwini ukukwera. Ukaima, pitani naye kuchipatala, akayeze likodzo, njoka za m'mimba, magazi, ndipo ngati pali chachikulu adzakutumizani okha kwa odziwa. Loweruka ndinkanyamula usipa, mazira, nthawi zina nyemba. Ndinayambanso kuchita chinthu chovuta kwa ine kuposa khasu: kulankhula. Agnesi akandifunsa kuti mukuganiza chiyani, ndinasiya kuyankha kuti palibe.

Chovuta kwambiri chinali Lute. Akandiona ndikulowa pa bwalo ankabisala kumbuyo kwa amake. Tsiku lina ndinaiwala kuvula tepi m'khosi, mwana anathawira m'nyumba. Kuyambira pamenepo ndinkaisiya ku Liwonde. Kwathu kuno bambo sapepesa kwa mwana, mumadziwa. Ine ndinapepesa, pamaso pa amalume ake, nditakhala pansi pa dothi. Loweruka lina tikutongola chimanga ndinamufotokozera za khutu langa, za mtengo wa mango, za anganga akubera pamzere. Sindinali nditauzapo munthu, ngakhale amake. Lute anamvetsera. Kenako anadutsitsa dzanja pamwamba pa mutu n'kugwira khutu lake.

"Ine ndagwira. Inu ababa, tayesani."

Ndinayesa, ndinagwira.

"Ndiye mukhoza kuyamba sukulu," anatero, n'kuseka. A Mateyu nawonso anaseka, ngakhale anayesa kubisa ndi chifuwa.

Patatha miyezi isanu ndi iwiri, a Mateyu anandiperekeza kokwerera minibasi, chinthu chimene anali asanachitepo. Tili panjira anati, "Alamu, mizere yanu m'munda muja ndi yokhota, apongozi anu akudandaula. Bwererani ku makina anu. Loweruka mubwere ndi ndalama ya minibasi ya anthu atatu."

Agnesi ndi Lute anabwerera kunyumba. Makasitomala nawonso anabwerera pang'onopang'ono, poti zipi ikaduka mkwiyo umatha. Makina achiwiri aja sindinawapezenso, ndipo Agnesi amandikumbutsa akafuna. "Bambo a Lute, makina aja sanathebe kukonzedwa?" Ndimangoseka, ndi ufulu wake.

Ndiye inu makolo anzanga, ngati pali wina amene wauzidwa za jakisoni, za mapiritsi, za ufa wothira m'phala woti mwana atalike kapena anenepe, funsani kaye kuchipatala. Wogulitsa akakuuzani kuti musakafunse, yankho mwalipeza kale. Ndipo chilichonse chimene mukuchita pa thupi la mwana, chimene simungathe kuuza amake kapena amalume ake, chisiyeni lero lomwe. Ngati mwayamba kale, musachite ngati ine kudikira masiku atatu pa bedi la chipatala. Nyamulani kabotoloko, kaikeni pa tebulo la adokotala. Manyazi amapola, ine ndine mboni. Maso akafa sabwerera.

Ndimalize ndi ichi. Chaka chathachi, sukulu itangotsegulira, Lute anafika pa khonde masana atavala diresi la kunyumba, yunifolomu ili mu jumbo. Anaiponya pa makina ngati kasitomala wolipira.

"A telala, anzanga akuti ikuonetsa maondo. Munditsitsire."

Tepi inali m'khosi. Sindinaigwire. Ndinamufunsa mwini wake kuti nditsitse zingati.

"Zala ziwiri. Zinazo musiye, ndidzabweranso."

Ndinatenga lezala n'kudula ulusi umene ndinasoka ndekha zaka zinayi zapitazo. Podula ndinadzicheka chala. Nsalu ya m'kati inatuluka idakali ya buluu weniweni, pamene yunifolomu yonse inasuluka kalekale ndi dzuwa ndi sopo. Ndinamuuza kuti mzerewo uzioneka, ndimusokere ina yatsopano. Anakana. Anati anzake aone.

Pa mzere wa m'mawa kusukulu amaimabe kutsogolo, ndiye wamfupi m'kalasi yonse, ndipo madokotala anati mwina zidzakhala choncho mpaka kukula. Iye akuti kutsogolo n'kwabwino, amayamba ndiye kulandira phala. Akamutcha dzina lija, masiku ano amayankha, ndipo pakamwa anatengera anganga. Mukadzadutsa ku Liwonde nthawi yoweruka, mukadzaona kamtsikana ka yunifolomu yosuluka yokhala ndi mzere wa buluu wowala m'munsi, kameneko ndi kanga. Kamandiona ndili patali, ndi maso onse awiri, ndipo kamaona bambo mmodzi.

Zikomo. Nditsike pa sitepe apa, ena alankhuleko.